Mankhwala oteteza matabwa ku moto: zimene ndaona ku Ulongué patadutsa madzinja awiri

Madzinja awiri adutsa chipakireni mankhwala oteteza ku moto pa matabwa a paini amene tinakuta nawo khoma lakumaso ndi lakumadzulo la nyumba yathu yogona alendo kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Nyumbayo ndi ya njerwa, koma kunja tinakhoma matabwa pa timitanda, ndipo pakati pa njerwa ndi matabwa pali kampata koti mpweya uzidutsa. Mankhwala amene tinagula ndi amadzimadzi, opanda mtundu, a m'chigubu, ndipo kalipentala anawapaka ndi burashi katatu, matabwa atauma n'kupakanso vanishi pamwamba. Maganizo anga lero ndi akuti mankhwalawa amagwiradi ntchito, koma mphamvu yake sikhalitsa pakhoma lowombedwa ndi mvula, ndipo chodetsa nkhawa n'chakuti imatha mwakachetechete, thabwa likuonekabe labwinobwino.

Mankhwala ambiri a mtundu umenewu ndi michere yosungunulidwa m'madzi, makamaka ammonium phosphate, ammonium sulphate ndi borax. Thabwa likatentha kufika madigiri pafupifupi 300, limatulutsa mpweya umene umayaka n'kukhala malawi. Michere ija imachititsa kuti pamwamba pa thabwa pasanduke makala msanga, mpweya woyakawo utuluke wochepa, ndipo makalawo amatchinga kutentha kuti kusalowe mwachangu m'kati. Palibe mankhwala amene amasandutsa paini kukhala chinthu chosapsa. Ntchito yake ndi kuchedwetsa moto kuti anthu atuluke ndiponso kuti amene athamangira ndi ndowa za madzi apeze moto usanakwere kudenga. Kwa ife amene timagoneka alendo, mphindi zimenezo n'zamtengo wapatali, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Miyezi yoyamba inali ya chilimwe, ndipo panalibe chodandaulitsa. Matabwa sanasinthe mtundu, fungo linatha m'masiku ochepa, ndipo vanishi anagwira bwino. Zinthu zinayamba kusintha mvula itakhazikika. Pakhoma lakumadzulo, limene lilibe khonde, panayamba kuoneka ufa woyera m'mphepete mwa mfundo za matabwa ndi kumapeto kumene anadulidwa ndi sowo. Alimi a kuno amene amasunga fetereza akudziwa mmene thumba limakokera chinyezi n'kuyamba kuchucha likakhala ponyowa, ndipo michere ya m'mankhwalawa, imene ina ndi yofanana ndithu ndi ya mu fetereza, imachita chimodzimodzi. Imakoka madzi, imasungunuka, imatulukira pamwamba thabwa likamauma, kenako mvula yotsatira imaikokolola. Ufa woyerawo ndiwo chitetezo chenichenicho chikutuluka m'thabwa. Potuluka unkatukulanso vanishi kuchokera pansi, moti pofika mwezi wa Marichi anali atayamba kusupuka, ndipo pamisomali wamba panatsika mizere ya dzimbiri, pakuti michere yonyowa imadya chitsulo. Khoma lakumaso, lotetezedwa ndi khonde lalikulu, silinaonetse chilichonse mwa zimenezi.

Chimene chinandithandiza kudziwa zoona ndi nzeru ya kalipentala wathu, amene anandiuza pa tsiku lopaka kuti tisunge tizidutswa ta matabwa topakidwa mofanana ndi khoma. Tina tinasunga m'nyumba, tina tinakhoma pansi pa khonde, ndipo tina tinakhoma pakhoma lakumadzulo. Dzinja lachiwiri litatha tinachotsa kachidutswa pamalo alionse, n'kuwonjezerapo kena kosapakidwa konse, ndipo tonse tinatiyatsa pabwalo popanda udzu, madzi ali pafupi. Ka m'nyumba ndi ka pakhonde tinada n'kuchita makala, koma titachotsa moto malawi anazima okha. Ka kumadzulo kanapitiriza kuyaka, ndipo kusiyana kwake ndi kosapakidwa kaja kunali kochepa kwambiri. Kuyesa kotere sikungalowe m'malo mwa mayeso a akatswiri, komabe kunandionetsa ndi maso anga kuti khoma limodzi la nyumba yanga linali litabwerera pafupifupi mmene linalili lisanapakidwe.

Vutoli si la ku Angónia kokha. M'mayiko a ku Ulaya, kumene nyumba zokutidwa ndi matabwa n'zambiri, zipangizo zomangira zimaikidwa m'magulu motsata muyezo wa EN 13501-1. Matabwa wamba nthawi zambiri amakhala m'gulu D, pamene olowetsedwa mankhwala bwino amafika m'gulu B. Koma gulu limeneli limangonena mmene thabwa linalili pa tsiku loyesedwa, lili latsopano. N'chifukwa chake m'chaka cha 2017 kunatuluka muyezo wina, EN 16755, umene umayesa ngati chitetezocho chimapirira chinyezi, mvula ndi dzuwa. Muyezowu uli ndi magulu atatu: INT1 wa m'nyumba mouma, INT2 wa m'nyumba mwachinyezi, ndi EXT wa panja. Ku America amagwiritsa ntchito muyezo wa ASTM D2898, pomwe matabwa amathiridwa madzi ndi kuumitsidwa mobwerezabwereza asanayesedwe ndi moto. Chigubu chimene tinagula chinali ndi mawu onena za gulu B, koma za EXT panalibe, ndipo ndikulangiza aliyense wofuna kukuta khoma lapanja kuti afunse wogulitsa pepala losonyeza zimenezi asanatulutse ndalama. Afunsenso kuti mankhwalawo anayesedwa pamodzi ndi penti wanji wa pamwamba, chifukwa mankhwala ambiri apanja amakhoza mayesowo pokhapokha ataphimbidwa ndi penti wina wake, ndipo penti ameneyo akasiyidwa kuti athe, lonjezo lonse limagwa.

Palinso kusiyana kwakukulu pakati pa kupaka ndi burashi ndi kulowetsa mankhwala ndi makina. Burashi imangonyowetsa khungu la thabwa, pamene makina amakankhira mankhwala m'kati mwa thabwa m'thanki yotsekedwa. Izi zili ndi tanthauzo pa nthawi yokonzanso khoma. Mmisiri akabwera ndi sandipepa kuti achotse vanishi wakale, amapalanso khungu lomwe lija limene munali mankhwala, ndipo akangopaka vanishi watsopano khoma limawala koma lilibe chitetezo. Vanishi wokhuthala wa mafuta angathenso kuthandiza malawi kuyenda msanga pamwamba pa thabwa. Kotero ife titapala khoma lakumadzulo tinapakanso mankhwala pathabwa losaphimbidwa, tinadikira kuti liume ndithu, ndipo pamwamba tinaika penti wosaonetsa thabwa m'malo mwa vanishi, pakuti penti wotere amapirira dzuwa kuposa vanishi woonekera m'kati. Ntchitoyi tinaichita mu Seputembala, matabwa ali ouma, mvula isanayandikire.

Kupaka kokha sikukanakwanira, ndipo ndalama zimene ndikuona kuti zinapita pabwino koposa ndi zimene tinatalikitsira malata kumbali imeneyo ndi kuikapo ngalande yolandira madzi a padenga. Tinamata kumapeto konse kwa matabwa, chifukwa m'pamene thabwa limamwera madzi kwambiri, tinasintha misomali n'kuika yosachita dzimbiri, ndipo thabwa lapansi penipeni tinalikweza masentimita 30 kuchokera panthaka kuti madzi odontha asamalithovukire. Titachotsa matabwa apansiwo tinapeza kuti m'kampata kaja munadzaza masamba ouma ndi zisa za makoswe. Zimenezi zinandiopsa kuposa ufa woyera uja, pakuti mpata wa kuseri kwa matabwa umakoka mpweya kuchokera pansi kupita m'mwamba, ndipo moto ukalowamo umakwera mofulumira mosaoneka, kumbali imene mwina sinapakidwe bwino n'komwe. Tinayeretsamo, n'kutseka pansi ndi pamwamba ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono woti mpweya uzidutsa koma zinyalala ndi makoswe zisalowe. Borax amathandizanso kuletsa chiswe, choncho pamene mankhwala akokoloka m'pofunika kuyang'ananso ngati chiswe sichinayambe kumanga njira zake.

Amene ali mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi kwina m'chigwa cha Zambezi asaganize kuti kuchepa kwa mvula kukuwapulumutsa. Kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa limang'amba vanishi msanga kuposa kuno kumapiri, ndipo mvula ikabwera yamphamvu, monga inachitira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, imapeza ming'alu ili yotseguka kale. Kuno kwathu choopsa china ndi moto wa m'tchire wa miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene anthu amatentha minda ndi kusaka mbewa. Timalambula udzu kuzungulira nyumba, nkhuni ndi matumba a makala tinazichotsa pafupi ndi khoma, ndipo ogwira ntchito akudziwa kuti mbaula siyatsidwa pakhonde la matabwa.

Mankhwala opaka ndi burashiwa ndingawagulenso kaamba ka matabwa a m'nyumba ndi a pansi pa khonde, pomwe andikhutiritsa kwa madzinja awiri. Pakhoma lopanda chotchinga mvula sindingawadalire popanda kuwaunika chaka chilichonse dzinja likatha ndi kuwapakanso penti akangoyamba kung'aluka. Takhoma tizidutswa tatsopano pakhoma lakumadzulo kuti tidzayese mu Meyi, ndipo tikadzapezanso tikuyaka ngati poyamba, matabwa a mbali imeneyo tidzawachotsa n'kupaka pulasitala panjerwa.