Futurama, gawo la "Jurassic Bark": katuni yoseketsa yomwe imakusiya kukamwa kuli gwa

Mukapita kwa anyamata oika mafilimu pa flash ku Limbe kapena ku Ndirande, musatchule nambala ya gawoli, tchulani dzina lake. Pa DVD, "Jurassic Bark" ndi gawo 7 la sizoni 4, koma wailesi ya kanema ya Fox ku America inalionetsa pa 17 November 2002 ngati gawo lachiwiri la sizoni 5. Mafayilo ena amatsata mndandanda uwu, ena winawo, ndiye n'chapafupi kubwerera kunyumba ndi gawo lolakwika. Muuzeni mnyamatayo alitsegule muli pomwepo. Likakhala lenileni, m'mphindi zoyambirira muona mnyamata Fry ndi mnzake, loboti Bender, akupita kumyuziyamu komwe akuonetsa zofukula za m'shopu ya pizza ya Panucci's.

Mutengenso gawo loyambirira la Futurama yonse, "Space Pilot 3000" la 1999. Popanda ilo simungamvetse kuti Fry, mnyamata woperekera pizza ku New York, anagwera m'chimakina choumitsa anthu usiku wa pa 31 December 1999 n'kudzadzuka patapita zaka 1,000, ndipo Panucci's ndi komwe ankagwira ntchito. Magawo awiriwa ndi a mphindi pafupifupi 22 lililonse.

Nkhani yake, kwa amene simudana ndi kuuzidwiratu: mwa zofukulazo muli galu wa Fry, Seymour, atauma ngati mwala. Fry akuvina kutsogolo kwa myuziyamu masiku atatu mpaka atamupatsa galuyo, ndipo wasayansi Professor Farnsworth akuti angathe kumudzutsa ndi makina ake, pamodzi ndi zonse zimene ankakumbukira. Bender nsanje yamugwira. Akutenga mwalawo n'kuuponya m'chiphalaphala chamoto chomwe chili pansi pa nyumba ya Planet Express, kampani yomwe Fry akugwirako ntchito tsopano, kenako akuchita manyazi n'kudumphiramo yekha kukauvuula. Apa ndi pomwe gawoli lafooka. Mtima wa Bender ukutembenuka mwachangu kwambiri, ndipo zoti iye ndi galuyo sanapse chifukwa ali ndi mwala wa dolomite m'thupi n'zongofuna kuti nkhani idutse. Zoseketsa zilipo, koma pali magawo ena a Futurama othyola nthiti kuposa ili.

Chimene Eric Kaplan, yemwe analemba gawoli, anachita bwino ndi masamu. Makina akuonetsa kuti Seymour anafa ali ndi zaka 15, pomwe Fry anamusiya ali ndi zaka zitatu. Fry akuwerengera yekha kuti galuyo anakhala zaka 12 popanda iye, ndiye kuti anamuiwala kalekale n'kupeza mbuye wina. Akuphwanya makinawo. Ife oonera taona kale zimene Fry sakudziwa: Seymour ananunkhiza mzinda wonse mpaka kumupeza mbuye wake ali m'chimakina chija, makolo a Fry n'kubwera kudzamukoka osayang'ana n'komwe chomwe akuuwa. Kenako pakubwera chithunzi chomaliza. Galu wakhala pakhomo la Panucci's pomwe anauzidwa kuti adikire. Dzuwa, mvula, chipale, mwini shopu akukalamba, zilembo za chikwangwani zikugwa, ubweya ukuchita mbuu, mpaka akugona pansi n'kutseka maso. Palibe wolankhula, kukungomveka nyimbo ya Connie Francis. Ena amafanizira ndi Hachiko, galu wa ku Japan amene anadikira mbuye wake pasiteshoni ya Shibuya kuyambira 1925 mpaka 1935.

Kwathu kuno galu ndi mlonda, amagona panja, amadya mkute ndi mafupa a usipa, ndiye wina angaganize kuti izi ndi zachizungu. Koma Seymour si galu wogona pasofa. Ndi kagalu kamumsewu kowonda nthiti kuonekera, ngati timene timazungulira pa chiwaya cha tchipisi ku Chirimba, ndipo kanamukonda Fry chifukwa choti anakagawira pizza basi.

Mphindi ziwiri zomalizazo ndi zosavuta kuziononga. Sipikala ya foni m'minibasi ya ku Chilomoni siingatulutse nyimboyo, valani mahedifoni. Ngati alipo amene analimasulira m'Chichewa monga amachitira ndi mafilimu a karate, lisiyeni, chifukwa womasulira sangapirire kukhala chete pamene pakufunika zii. Chingerezi chikamathamanga, ikani fayilo ya mawu olembedwa ya .srt m'foda imodzi ndi filimuyo, dzina likhale lofanana ndendende, pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC idzaitola yokha. Ndipo musawasiyire ana poti ndi katuni: Bender amamwa mowa, amasuta, amaba, ndipo dzina lonse la galuyo ndi nthabwala yotukwana.

Filimu ya 2007 ya "Bender's Big Score" inabwereranso ku nkhani ya Seymour n'kuifewetsa, kuonetsa kuti zaka zija sanazikhale yekha. Musaione usiku womwewo.