Pepala la mahekisi loonekera mkati: mmene lagwirira ntchito pa tebulo lathu

Kwa miyezi inayi tsopano ndakhala ndikuyala pepala la pulasitiki loonekera mkati pamwamba pa mapu ndikamayendetsa masewera a pa tebulo amene osewera amakhala anthu a m'nkhani yongopeka, otchedwa Dungeons & Dragons. Pepalali lasindikizidwa tizigawo ta mbali zisanu ndi imodzi timene osewera amatitcha mahekisi. Ndinaligula chifukwa osewera akandifunsa kuti kuchokera mumzinda kukafika kunkhalango ndi ulendo wa masiku angati, ndinkayankha mongoganizira, ndipo sabata yotsatira yankho langa linkasintha, mpaka iwo anasiya kukonzekera ulendo n'komwe.

Ubwino wake umaoneka ukaliphatikiza ndi malamulo a kayendedwe. M'malamulo a masewerawa a mu 2014, gulu loyenda mwachizolowezi limatha mamailosi 24 pa tsiku la maola 8, lofulumira limatha 30, loyenda mozemba limatha 18, pomwe malo ovuta monga madambo amadula liwirolo pakati. Hekisi imodzi ikaimira mamailosi 6, ziwerengerozi zimasanduka mahekisi 4, 5 ndi 3, zomwe aliyense angawerenge ndi chala. Usiku wina wosewera wathu anaika chala m'mphepete mwa dambo, nawerenga mahekisi 7, n'kukhala chete kwa kanthawi. Anali atazindikira kuti, poti m'dambo amatha mahekisi awiri okha pa tsiku, awa ndi masiku atatu ndi theka, pamene chakudya chawo chinali cha masiku atatu okha. Anakambirana nthawi yaitali ngati kuli bwino kuzungulira ndi msewu kapena kulowa m'madzimo, ndipo ine sindinawonjezerepo mawu. Kwa ine, mkangano wotere ndiwo mtima wa masewerawa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mapu a mu 1980 a Greyhawk, limodzi mwa maiko ongopeka a masewerawa, amene anajambulidwa ndi wojambula wina dzina lake Darlene, anali ndi mahekisi a mamailosi 30, ndipo bokosi la mu 1987 la Forgotten Realms, dziko linanso longopeka, linkabwera ndi mapepala oonekera mkati ngati langali. Koma pepalali limavumbula chinthu chimene okonda mbiri yovomerezeka ya maiko amenewa sachedwa kukangana nacho, chakuti mapu osindikizidwa zaka zosiyana sagwirizana nthawi zonse. Mapu a Faerûn, chigawo chachikulu cha dziko la Forgotten Realms, anajambulidwanso mu 2001 ndipo madera ena anapanikizidwa, kotero kuti mizinda iwiri yomweyo ikhoza kutalikirana mosiyana malinga ndi mapu amene wayala. Ine ndinasankha mapu amodzi, n'kuwauza osewera kuti pa tebulo lathu mtunda woona ndi umene uli pansi pa pepalali, ngakhale buku lina litanena zina.

Zofooka zilipo. Kukula kwa mahekisi sikusintha, choncho mapu ndi amene ayenera kusindikizidwa pa mlingo wogwirizana nawo, ndipo ndinawononga mapepala angapo ndisanafananitse kamzere ka sikelo ndi m'lifupi mwa hekisi. Tiyeneranso kukumbukira kuti hekisi ya mamailosi 6 kuchokera mbali kufika mbali imakhala pafupifupi mamailosi 7 kuchokera ngodya kufika ngodya, kotero woyeza ayenera kutsata njira imodzi nthawi zonse. Inki ya cholembera chofufutika imafalikira dzanja likangokhudza, ndipo kuwala kwa nyale kumanyezimira pa pulasitikiyo mpaka mayina a midzi osaoneka bwino.

Chimene chinandivutitsa kwambiri n'chakuti mahekisi ake alibe manambala, moti kunali kovuta kulemba m'kope kuti phanga lakutilakuti lili pati. Ndinatenga cholembera chosafufutika n'kulemba manambala kuseri kwa pepalalo, mzere ndi mzere, ntchito imene inanditengera madzulo athunthu. Amene akufuna kugula lake ayambe wafunsa ngati manambalawo alipo kale.