Mfuti ya pisitoni ndi mfuti ya kachubu ka mpweya

Pa mbendera ya Mozambique pali khasu, buku ndi AK-47. Akuluakulu a ku Angónia amene anaona nkhondo yomwe inatha mu 1992 amaikumbukira mfutiyi ndi chisoni. AK-47 ndi M16 ya ku America, zonse zimadalira mpweya wa onga woyaka kuti zilowetse chipolopolo china, koma mpweyawo umayenda mosiyana.

Mu AK-47, imene anaipanga Mikhail Kalashnikov, mpweya umakankha pisitoni (kandodo kachitsulo koyenda uku ndi uku) imene ili pamwamba pa mpope, pisitoniyo n'kukankhira zitsulo za m'kati kumbuyo. Mwaye wambiri ndi kutentha zimatsalira kutsogolo. Zitsulo zakenso sizinathinane kwambiri, choncho fumbi likalowa, mfuti imagwirabe ntchito. Vuto lake ndi lakuti chitsulo cholemera chimene chimathamanga uku ndi uku chimagwedeza mfuti, ndipo kulunjika patali kumachepa.

Eugene Stoner anasankha njira ina pa M16. Kachubu kopyapyala kamatengera mpweya mpaka m'kati mwenimweni. Mfuti imapepuka, sigwedezeka kwambiri, imalunjika bwino. Koma mwaye umadzaza pomwe pali zitsulo zoyenda, ndiye imafuna kutsukidwa ndi kudzozedwa mafuta pafupipafupi. Asilikali a America anavutika nazo ku Vietnam m'zaka za m'ma 1960, mfuti zikukanirira pakati pa nkhondo.

Kuno ku Tete, ndi fumbi la mwezi wa Okutobala ndi dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, ine ndikuona kuti pisitoni ndiyo imapirira kwambiri.