Blender ndi mafunde a mwera

Bambo anga aang'ono ndi msodzi kuno ku Senga Bay. Nditawaonetsa katuni yanga ya bwato likulimbana ndi mwera, anayang'ana kawiri n'kunena kuti, "Mwanawe, madzi a panyanja sayenda chonchi, awa akulemera ngati phala." Mawu amenewo ndi amene anandikhazika miyezi itatu pa Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira makatuni.

Pulogalamuyi ndi yaulere, imachokera ku Amsterdam, ndipo kuyambira mu 2020 ili ndi chida chopangira madzi chotchedwa Mantaflow. Umajambula bokosi, kompyuta n'kuligawa m'tizipinda ting'onoting'ono. M'kachipinda kalikonse imawerengera liwiro la madzi ndi mmene akukankhirana, potsata masamu a akatswiri awiri, Navier ndi Stokes, a zaka za m'ma 1800. Lamulo lake lalikulu ndi limene aliyense wotunga madzi amalidziwa: madzi safinyika. Olowa m'kachipinda ayenera kufanana ndi otuluka, ndipo kulinganiza zimenezi pa chithunzi chilichonse ndiko kumatenthetsa laputopu.

Apa m'pamene pafunika kusamala. Ukakweza resolution (chiwerengero cha tizipinda m'mbali yaitali ya bokosi) kuchoka pa 64 kufika pa 128, tizipinda sitichuluka kawiri ayi, timachuluka ka 8, chifukwa bokosi lili ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Laputopu yanga yakaleyi inagwira ntchito usiku wonse pa masekondi 10 okha a katuni, magetsi n'kuzima m'bandakucha. Chongani pamene palembedwa Resumable musanayambe bake (kuwerengera ndi kusunga mayendedwe a madzi), kuti mukaimitsa mudzapitirize pomwe munalekezera.

Chimene ndachikonda kwambiri n'chakuti nyanja yonse siifuna Mantaflow. Pali Ocean modifier, imene imangosanjikiza mafunde aakulu ndi aang'ono pamwamba pokha, osawerengera za pansi. Ndi yopepuka, ndipo ndi imene ndinayalira madzi onse mpaka ku chilumba cha Namalenje. Mantaflow ndinaisiyira kabokosi kozungulira bwato, pomwe nkhafi ikulowa m'madzi ndi pomwe thovu likuthovoka kumutu.

Phala lija linachoka nditazindikira kuti vuto linali kukula kwa bokosi: pulogalamu inkayesa kuti bwato langa ndi lalitali ngati sitima, ndiye madzi ankagwa mwaulesi. Nditakonza miyezo ndinapitanso kwa bambo aang'ono Lamlungu, ali pamchenga akusoka ukonde. Anaonera mpaka kumapeto, kenako analoza kumbuyo kwa bwato n'kunena kuti mwera ukakula, thovu limatsalira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ndilo ndikukonza sabata ino.