Kapaipi, botolo la madzi, milomo kapena njira ya Stemple: muyambire pati pophunzitsa mawu?

Timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timapanga mawu timagundana maulendo 440 pa sekondi imodzi mukamayimba notsi ya A ya pamwamba pa C wapakati pa piyano. N'chifukwa chake woyimba amene amatenthetsa mawu pongofuula manotsi amapezeka pakhosi pauma nyimbo yachitatu isanathe. Pa njira zinayi zophunzitsira mawu zimene ndikuyerekeza pano, zitatu zimadalira mfundo imodzi: mumapanikiza potulukira mpweya pakamwa, mpweya wina n'kukankhira m'mbuyo, timinofu tija n'kumanjenjemera mosavuta popanda kumenyana kwambiri.

Yoyamba ndi kuliza milomo kuti brrr uku mukukwera ndi kutsika mawu. Sifuna chipangizo, ndipo imaulula msanga ngati mpweya wanu ukudukiza, chifukwa milomo imangoima. Vuto n'lakuti anthu ena milomo yawo imakana, ndipo pokakamiza amalimbitsa nsagwada ndi khosi, zomwe ndi zimene timafuna kuthawa. Kukankha masaya pang'ono ndi zala kumathandiza. Zikakanikabe, isiyeni.

Kapaipi komwera zakumwa ndiko ndimakakonda kuposa zonse. Amene anakatchukitsa ndi Ingo Titze, katswiri wa sayansi ya mawu wa ku America, ndipo mu 2006 anasindikiza kafukufuku wofotokoza chifukwa chake kupanikiza mpweya motere kumathandiza. Mumaluma kapaipiko ndi milomo yokha, osati mano, n'kumatulutsa mawu kuyambira pansi kukafika pamwamba ndi kubwerera, kenako n'kuyimba nyimbo yonse kudzera m'menemo popanda kutchula mawu ake. Ubwino wake kuposa milomo ndi wakuti kukula kwa bowo sikusintha, ndiye chimene mwachita lero mudzachibwereza mawa ndendende. Kakakhala kopyapyala, ngati kotakasira khofi, mpweya umabwerera mwamphamvu, kotakata kamapepuka. Oyamba kumene ayambe ndi kotakata. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kulola mpweya kuthawira m'mphuno. Tsinani mphuno muli pakati poyimba: mawu akasintha, ndiye kuti ukuthawa. Kapaipi kamathandizanso kwambiri pamalo paja mawu amathyoka pochoka pa mawu otsika omveka m'chifuwa kupita pa okwera omveka m'mutu, chifukwa simungathe kupakakamiza ndi mphamvu.

Kuviika paipi m'madzi kunachokera ku Finland. Antti Sovijärvi wa pa yunivesite ya Helsinki ankagwiritsa ntchito mapaipi agalasi m'zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pake Marketta Sihvo, katswiri wothandiza anthu a mavuto a mawu wa komweko, anabweretsa njira yotchedwa Lax Vox, ya paipi yofewa ya silikoni yotalika masentimita 35. Nsonga ya paipiyo imalowa m'madzi a m'botolo masentimita ochepa chabe, inu n'kumatulutsa mawu akuti uuu madziwo akubwata. Kubwatako kumagwedeza masaya ndi kholingo, ndipo mawu otopa amamasuka. Pa mawu amene agwira ntchito tsiku lonse, iyi imaposa kapaipi kouma. Koma mukamiza kwambiri mpamenenso mumafunika kukankha kwambiri, ndipo ndaonapo oyimba akupikisana kumiza ngati kuti kuzama ndiko luso. Botolo la madzinso si chinthu chonyamula mukudikira kukwera pa siteji.

Njira ya Joseph Stemple, katswiri wothandiza anthu a mavuto a mawu wa ku America, yotchedwa Vocal Function Exercises, ndi ya mtundu wina. Zitatu zija n'zotenthetsera ndi kupumitsira mawu. Iyi ndi ndondomeko yolimbitsira, yofuna masabata angapo. Ili ndi magawo anayi: kugwira mawu akuti iii kwa nthawi yaitali mmene mungathere, kukwera pang'onopang'ono kuchoka pa notsi yanu yotsikitsitsa kukafika pa yokwera kwambiri, kutsika mofananamo, kenako kugwira manotsi asanu otsatizana, iliyonse payokha. Chilichonse mumachita kawiri m'mawa ndiponso kawiri madzulo, ndipo motsitsa mawu kwambiri, kutanthauza mofewa, osafuula. Kutsitsako ndiye kovuta, chifukwa mawu ofewa osadukiza amafuna kuti mpweya ndi timinofu tija zigwirizane bwino. N'zotopetsa, osanama. Koma ndi yokhayo pa zinayizi imene mungaiyeze ndi wotchi: mumalemba masekondi amene mwagwira notsi, n'kumaona akuwonjezeka.

Ndiye ngati vuto lanu ndi mpweya kutha mzere usanathe, pitani kwa Stemple. Ngati ndi kutopa pambuyo poyimba, tengani botolo. Kwa ena onse, kapaipi kwa mphindi zochepa, kangapo patsiku, n'kokwanira poyambira. Mukangokachotsa pakamwa, yimbani mzere womwewo ndi mawu ake enieni nthawi yomweyo, apo ayi kumasuka kuja kumatsalira m'kapaipi.

Mawu akasasa kupitirira masabata awiri kapena atatu, kapena ngati mukumva ululu poyimba, palibe mwa njirazi imene ingalowe m'malo mwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi woti ayang'ane m'kholingomo.