Kaapu ka banki m'khonde aka nkabwino, koma kanaiwala kuti ife ndi gulu

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za kaapu kamene gulu lathu la banki m'khonde ku Chinamwali tikugwiritsa ntchito m'malo mwa kope lija, ndiye ndati ndingolemba pamodzi basi chifukwa kuyankha mmodzimmodzi bandulo yanga siingakwanitse. Dzina lake sinditchula ayi, anakapanga ndi anyamata a konkuno ku Zomba ndipo akuti kakadali pa mayeso, sindikufuna mawa adzati ndinawathamangitsira anthu kapena ndinawatsatsira malonda ulere. Ine ndine mlembi wa gulu, ndiye foni imakhala m'manja mwanga msonkhano wonse, komanso zamakompyutazi ndinaphunzirako pa Chanco moti zina ndiziyankhula ngati wodziwa, mundipirire.

Ntchito yake ndi yomwe ija timapanga m'kope. Kulemba masheya amene munthu wagula, ngongole, chiwongola dzanja, chindapusa cha obwera mochedwa, ndi kandalama ka zadzidzidzi. Chimene chinandisangalatsa poyamba nchakuti malamulo a banki m'khonde kakuwadziwa kale. Paja dongosolo limeneli anayambitsa ndi a CARE ku Niger mu 1991 ndipo malamulo ake akuluakulu mpaka pano magulu ambiri sanasinthe, munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu pa msonkhano, ngongole isapitirire katatu ndalama zimene wasunga, bokosi likhale la maloko atatu makiyi kwa anthu atatu osiyana. Ndiye ukafuna kulemba ngongole yoposa katatu kamakana pompo nkukuuza kuti mayi awa malire awo ndi akuti. Kale zimenezi zinkabweretsa mkangano, munthu nkumati mlembi akundida, pano ndimangotembenuza foni kuti onani nokha. Katswiri wa kapangidwe ka zamakompyuta Jakob Nielsen pa mfundo 10 zimene analemba mu 1994 za mmene chinthu chapakompyuta chiyenera kukhalira, ina imati kuletsa cholakwika chisanachitike kumaposa kumuuza munthu bwinobwino atalakwitsa kale, apa anyamatawa anakhoza.

Mabatani ndi akuluakulu zoti olo chala chili ndi mafuta a mandasi suphonya. Ena amaona ngati izi nzongokongoletsa koma ayi, pali kafukufuku wakalekale wa Paul Fitts wa mu 1954 amene anaonetsa kuti nthawi imene dzanja limatenga kuti lifike pa chinthu imadalira kutalika kwa pamene chili ndi kukula kwake, chikachepa komanso chikatalikira umachedwa ndipo umaphonyaphonya. Nchifukwa chake a Apple amauza opanga maapu kuti podina pasachepere 44 points, a Google amati 48dp, muyezo wawo wa pa sikirini umene uli pafupifupi mamilimita 9. Ndipo sikirini iliyonse ili ndi funso limodzi. Ndani? Wadina. Masheya angati? Wadina. Basi yotsatira. Izi sizachilendo kuno kwathu, amene munapitako ku zipatala zaboma zina munaona timakompyuta togwira ndi chala tija a kalaliki amalembera odwala nkutulutsa kapepala komata pa buku la kuchipatala, imeneyo ndi ntchito imene Gerry Douglas ndi a Baobab Health anayamba ku Lilongwe cha mu 2001, ndipo nzeru yake inali yomweyi, munthu amene sanagwirepo kiyibodi umupatse batani lalikulu ndi funso limodzi pa nthawi. Ndiye kaapu aka kakuyenda m'njira yoti Amalawi anailambula kale.

Koma pamene anandigwira mtima penipeni ndi pa masheya. Sanangolemba nambala ayi, anajambula tizidindo ngati mmene timadindira m'kabuku ka membala, wagula masheya atatu tizidindo titatu pa mzere. Tili ndi agogo ena m'gulu mwathu, amagulitsa tomato pa msika, kuwerenga mawu satha koma ndalama simungawabere olo K50, ndiye iwowa akaona chithunzi chawo pa foni ndi tizidindo tawo amawerenga okha nkuvomera ndi mutu. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene Indrani Medhi ndi anzake a ku Microsoft Research India anapeza ku Bangalore pofufuza za anthu osadziwa kuwerenga, kuti manambala ambiri amawazindikira bwinobwino, zojambula zofanana ndi zinthu zimene amazidziwa amazimva msanga kuposa tizizindikiro tachidule ta akatswiri, koma mamenyu olowa mkati mwa mamenyu ena ndi kuseseretsa sikirini kupita pansi kumawasokoneza. Kafukufuku wawo wina anakachitira mpaka ku Kenya, South Africa ndi Philippines, ndiye si za Amwenye okha. Anapezanso kuti mawu olankhulidwa amathandiza kwambiri, ndipo apa mpamene kaapu kathu kakuperewera, kalibe mawu olo pang'ono, kali zii. Ndibwereranso pa nkhani imeneyi.

Netiweki sikafuna pa nthawi ya msonkhano, kamasunga m'foni momwemo nkudzatumiza ikapezeka, ndipo membala aliyense amalandira meseji pa kafoni kake ka mabatani yonena zimene wasunga ndi ngongole yatsala. Batire sikadya kwambiri. Malipiro ndi a pa mwezi, pa gulu osati pa munthu, ndipo sanatipweteke m'thumba. Izi zonse zili boo, palibe chonena.

Tsopano zondinyansa. Batani lofufutira analiika moyandikana ndi losungira, kukula kofanana, kusiyana mtundu wokha, ndipo ukafufuta palibe njira yobwezera. Inde kamafunsa kuti mukutsimikiza, koma funso lomwelo kamafunsanso posunga, pa sheya iliyonse, ndiye ukalemba anthu 20 motsatizana chala chimazolowera kudina eya osawerenga. Mayi msungichuma tsiku lina anagwira foni ine nditapita kukatenga chenji, anafufuta ngongole ya munthu, zinatengera kope kuti tiibwezeretse ndipo iwo anadandaula sabata yonse kuti ndine mbuli ine zamafonizi. Sanali mbuli ayi. Katswiri wina wa kapangidwe ka zinthu, Don Norman, wakhala akunena kuyambira zaka za m'ma 1980 kuti zambiri zimene timati munthu walakwitsa vuto limakhala kapangidwe ka chinthucho, ndipo amasiyanitsa pakati pa munthu amene waganiza molakwika ndi amene waganiza bwino koma dzanja laterereka. Kwa dzanja loterereka funso silithandiza, chofunika ndi kabatani kobwezera, ndipo lofufutiralo likhale kutali kumene chala sichipitako mwangozi. Lamulo la Fitts lomwe lija limagwiranso ntchito chobwerera, chinthu choopsa chichepe ndipo chitalikire.

Manambala polemba alibe kachizindikiro kolekanitsa ma zero, ndiye 50000 ndi 500000 pa dzuwa zimaoneka chimodzimodzi, umachita kuwerenga ndi chikhadabo. Ndi mmene kwachayu alili pano, ngongole zambiri zili ndi ma zero anayi asanu, kukonza zimenezi ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa iwo ndiye kaya akudikira chani. Komanso zilembo zing'onozing'ono za pansi anazipanga zotuwa pa malo oyera, mwina mu ofesi zimaoneka zaulemu koma ife timakumana panja pansi pa mtengo wa mango, mwezi wa October masana palibe chimene ungaone olo ukweze kuwala mpaka kumapeto. Malamulo a WCAG, othandiza kuti zapaintaneti aliyense azitha kuziona ndi kuzigwiritsa ntchito, amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zalembedwa kusachepere 4.5 kwa 1, izi ndikukayika ngati zikufikako.

Pogawana ndalama kumapeto kwa chaka napo anapabisa. Muli timizere titatu pakona pamwamba, udine pamenepo, kenako zina, kenako upeze kugawana. Timizere timeneti anajambula ndi Norm Cox pa kompyuta ya Xerox Star ya mu 1981 ndipo lero tili paliponse, ife oseweretsa Facebook timatidziwa, koma a tcheya athu ankaona ngati ndi chokongoletsera. A Nielsen Norman Group, kampani ya Nielsen ndi Norman aja, anayesa mu 2016 nkupeza kuti zinthu zobisidwa kuseri kwa timizereti anthu amazipeza mochedwa ndipo ambiri sazigwiritsa ntchito. Chabwino, kugawana ndi kamodzi pa chaka, ndingawakhululukire. Chimene sindingakhululuke ndi potumiza zolemba netiweki ikabwera, kamangokhala duu osaonetsa chilichonse, sudziwa ngati zapita kapena foni yafa. Zinadziwika kalekale kuti munthu akadikira kupitirira sekondi imodzi amazindikira kuti chinthu chachedwa, ikafika masekondi 10 maganizo amachokapo, ndiye umafunika kumuonetsa kuti ntchito ikuyenda. Ife kuno ndi netiweki yathuyi masekondi 10 ndi mwayi.

Koma zonsezi nzazing'ono, akhoza kukonza pa sabata imodzi. Vuto lalikulu limene ine ndikuliona, ndipo ndalingalira nthawi yaitali, ndi lakuti kaapuka anakapangira munthu mmodzi pomwe banki m'khonde ndi ya gulu. Taganizani mmene zimayendera kale. Bokosi silitseguka popanda anthu atatu a makiyi. Ndalama zimawerengedwa pamphasa aliyense akuona, owerenga awiri, amatchula mokweza. Potseka msonkhano a tcheya amalengeza kuti m'bokosi mwatsala zakuti ndipo aliyense amasunga nambalayo m'mutu kuti msonkhano wotsatira tidzafunsane. Palibe amene anakhulupirira mnzake chifukwa ndi wabwino, dongosolo lenilenilo ndi limene linkateteza ndalama. Pano zonse zili m'foni imodzi, PIN imodzi, ndipo PIN imeneyo ndimaidziwa ndine ndekha. Sikirini ndi yaing'ono yayang'ana nkhope yanga, anthu 20 akhala mozungulira akungoona kumbuyo kwa foni. Nditafuna kusintha nambala usiku kunyumba kwanga ndani angandiletse? Sindinapangepo ndipo sindingapange, koma mfundo si imeneyo, mfundo ndi yakuti agogo aja sayenera kudalira mtima wanga wabwino, kale sankadalira.

Meseji ija imathandizako koma imangomuuza munthu zake zokha, za gulu lonse ayi, komanso kwa amene satha kuwerenga ndiye kuti akamuwerengere mdzukulu madzulo, nthawi yofunsa itadutsa. Apa mpamene mawu aja akanagwira ntchito yaikulu. Foni itamalankhula mokweza m'Chichewa kuti mayi akuti agula masheya atatu K6,000, aliyense akumva, ndiye kuti sikirini yaing'ono ija yasanduka ya anthu onse. Ndipo PIN ikhale patatu, anthu atatu a makiyi aliyense alowetse yake msonkhano usanatsegulidwe, kunja kwa msonkhano munthu azingoona osasintha kanthu. Chosinthidwa chilichonse chisiye chizindikiro, ngati mmene m'kope ukakhwatcha aliyense amaona kuti apa panakhwatchidwa. Kufufuta kwa m'foni sikusiya chipsera, nchifukwa chake kumandiopsa.

Ndinawafunsa anyamatawo kuti kodi munayesa ndi ndani, akuti anayesa ndi alembi a magulu angapo, wina ku Matawale wina ku Thondwe, kumukhazika pansi kumupatsa foni nkumuonerera akulemba osamuthandiza. Njira imeneyi ndi yolondola ndithu ndipo nchifukwa chake mbali ya mlembi ili yosalala chonchi. Mmodzi mwa anyamatawo anatchulanso zimene Nielsen analemba mu 2000 kuti poyesa chinthu anthu asanu amakwanira kupeza pafupifupi 85 peresenti ya mavuto, ndinaseka chifukwa aliyense wophunzira zimenezi amaigwira mfundo imeneyi ngati vesi loloweza. Koma mwini wakeyo ananenanso pomwepo kuti ngati ogwiritsa ntchito ali amitundu yosiyana uyese mtundu uliwonse, ndipo uziyesa kangapo ukakonza. Alembi asanu akuuza mavuto a alembi basi. Sangakuuze zimene akumva mayi amene wakhala kumapeto kwa mphasa, amene foniyo saigwira nkomwe koma ndalama zake zili momwemo, ameneyonso ndi wogwiritsa ntchito kaapuka ngakhale sadina batani lililonse. Ndinawauza kuti ulendo wina asabwere ndi mafunso apapepala, abwere adzakhale pa msonkhano kuyambira pemphero mpaka kutseka bokosi, pakamwa potseka, azingoona kuti maso a anthu akuyang'ana kuti. Sanakane, ndipo ndiwayamikire kuti ukawaimbira amayankha, sali ngati ena aja ukangolipira foni yawo imasanduka ya malemu.

Ndiye kwa amene mukufunsa kuti titenge kapena ayi. Ngati gulu lanu vuto lake ndi masamu, chiwongola dzanja chimakuvutani, pogawana mumakhala mpaka mdima ndi kakyuleta, tengani, pamenepo kamagwira ntchito moti simudzabwereranso. Ngati m'gulu mwanu muli kale kukayikirana ndiye dikirani kaye, kakhoza kungowonjezera. Ife tinagwirizana kuti kope lisatayidwe, mayi msungichuma amalembabe zotsala za tsikulo ndi cholembera, ine ndikamalowetsa ndimatchula mokweza nambala iliyonse ndisanadine, ndipo foni imazungulira kwa anthu atatu a makiyi kuti aone chiwerengero chomaliza tisanabalalike. Zimatichedwetsa pang'ono, ena amadandaula kuti nanga foni tinaitengeranji, koma mpaka PIN yapatatu ndi mawu aja zitabwera tizipanga choncho.