Ndemanga ya Aseprite kwa oyamba kumene kujambula tianthu ta m'magemu

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinagula pulogalamu ya Aseprite pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu ndi mapulogalamu, pa mtengo wa $19.99 nditafuna kuphunzira kujambula tianthu ta m'magemu, tija timapangidwa ndi timadontho towerengeka, n'kumatiyendetsa. Ndinali ndisanajambulepo kanthu pa kompyuta, choncho ndikulembera anzanga amene akuyamba kumene.

Chimene chandikokera mtima n'chakuti pulogalamuyi imakuonetsa pompopompo mmene chojambula chako chikuyendera. M'munsi mwa sikirini muli mzere wa ma frame, zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kayendedwe. Ukadina Alt ndi N, imakopera frame imene uli nayo, iwe n'kusuntha mwendo ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri, n'kudina Enter, basi kamunthu kayamba kugwedezeka. Ukadina F3, chithunzi cha m'mbuyo ndi cha kutsogolo zimaonekera mwachizimezime pansi pa chimene ukujambula, moti umadziwa pamene phazi linali ndi pamene likulowera. Kwa wophunzira, izi n'zofunika kuposa china chilichonse, chifukwa kayendedwe sungakamvetse pongowerenga. Umafunika kuona kamunthu kako kakutsimphina, n'kufufuza kadontho kamene kakutsimphinitsa.

Apa mpamene ndinaphunzirira kuti kuyenda si miyendo yokha. Ma frame anayi amakwana poyambira: phazi lamanja laponda kutsogolo, miyendo yapingasana, phazi lamanzere laponda, miyendo yapingasananso. Koma thupi likangokhala chiliri, kamunthu kamaoneka ngati kakutsetsereka pamatope. Mutu ndi chifuwa ziyenera kutsika ndi kadontho kamodzi phazi likaponda, n'kukweranso miyendo ikamadutsana, ndipo mkono umapita kutsogolo limodzi ndi mwendo wa mbali inayo. Kadontho kamodzi kokha! Ndinadabwa kwabasi. Nthawi nayo ili ndi gawo lake: frame iliyonse imayamba ndi mamilisekondi 100, koma ukhoza kusintha iliyonse payokha. Pojambula nkhonya, ndimachedwetsa frame yokokera mkono m'mbuyo n'kufulumizitsa yomenya, ndipo nkhonyayo imaoneka yamphamvu popanda kuwonjezera chithunzi ngakhale chimodzi.

Pali kawindo kena kamene kamatseguka ukadina F7, koonetsa kamunthu pa msinkhu wake weniweni pamene iwe ukujambula utakulitsa. Musamakatseke. Diso limene likuoneka bwino utakulitsa chithunzi nthawi zina limangosanduka kachitsotso pa msinkhu wa mu gemu.

Pensulo yake ili ndi kabokosi kolembedwa Pixel-perfect. Ukakachonga, mizere yokhota imatuluka yosalala, yopanda timadontho tounjikana m'makona. Ine ndimajambula ndi mausi wamba ndipo zikutheka bwinobwino. Simukufunika kugula kaye thabuleti yojambulira.

Pa nkhani ya mitundu, Aseprite imabwera ndi magulu a mitundu osankhidwa kale, monga a PICO-8 okhala ndi mitundu 16, ndiponso DB32 lokhala ndi mitundu 32. Langizo langa n'lakuti mutenge gulu laling'ono, muyambe ndi chinsalu cha 16 kwa 16 kapena 32 kwa 32, osapitirira. Kuchepaku n'kumene kumaphunzitsa. Makina akale a magemu a NES ankalola mitundu itatu yokha pa sprite imodzi (kachithunzi ka mu gemu), osawerengera malo opanda mtundu. Shigeru Miyamoto, amene anapanga Mario, anafotokozapo kuti Mario, yemwe anayamba kuoneka mu Donkey Kong mu 1981, anam'patsa ndevu zapamlomo ndi chipewa chifukwa kujambula pakamwa ndi tsitsi pa timadontho tochepa chonchi kunali kovuta, ndipo ovolosi ija inkathandiza kuti mikono ioneke ikamayenda. Ukakhala ndi mitundu yochepa, nawenso umayamba kuganiza chimodzimodzi: n'chiyani chimene munthu ayenera kuzindikira akangoyang'ana kamodzi? Ndimakondanso njira ya Indexed, chifukwa ukasintha mtundu umodzi pa gululo, malaya amasintha m'ma frame onse nthawi imodzi. Mdani wovala zofiira ndi wovala zobiriwira amatuluka pa chojambula chimodzi.

Ntchito ikatha, mukhoza kutulutsa GIF, kapena sprite sheet ya PNG (chithunzi chimodzi chokhala ndi ma frame onse) limodzi ndi fayilo ya JSON yofotokoza malo a frame iliyonse. Ma frame mumawapatsa mayina m'magulumagulu, awa oima, awa oyenda, awa odumpha, zonse mu fayilo imodzi. Potumiza kwa anzanu pa WhatsApp, kulitsani ndi 400% kapena 800% potulutsa, apo ayi adzangoona kanyerere. Mukalowetsa mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, ikani filter pa Nearest kuti timadontho tisasungunuke.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa chifukwa chimodzi chachikulu: mkati mwake mulibe maphunziro otsogolera munthu watsopano. Ndi chipangizo chabe, osati mphunzitsi, ndipo zokhudza kuika mthunzi, kumene kuwala kukuchokera ndi kaimidwe ka thupi muyenera kukaziphunzira kwina, monga pa YouTube. Dziwaninso kuti imagwira pa Windows, macOS ndi Linux basi, pa foni ayi. Yoyesera yaulere ilipo koma siisunga ntchito, ndiye ndi yongolawira.

Kumbali ya ndalama, mumalipira kamodzi kokha, palibe za mwezi ndi mwezi, ndipo mukaiika pa kompyuta imagwira popanda intaneti. Pa laputopu yanga yakale ikuthamanga mopanda vuto. Anailemba ndi David Capello wa ku Argentina, ndipo code yake ili pa GitHub, moti amene amadziwa kuimanga yekha kuchokera ku code imeneyo amaloledwa kuigwiritsa ntchito osalipira. Ngati mulibe khadi yolipirira mu madola, yambani ndi LibreSprite, yomwe inaphuka kuchokera ku Aseprite mu 2016 pamene chilolezo chake chinasintha, kapena Piskel, yomwe imatseguka mu browser. Zonse ziwiri n'zaulere ndipo n'zokwanira kuphunzirira ma frame anayi aja. Mukadzafika pofuna tianthu tambiri tokhala ndi mayendedwe osiyanasiyana, kapena kumanga malo a gemu ndi ma tilemap (malo omangidwa ndi tizithunzi tobwerezabwereza) amene anabwera mu version 1.3, pamenepo $19.99 ija idzakhala yosadandaulitsa.